Funsani Achipatala: Kodi nsima ndiyo ikudzaza mafuta m'magazi?

FUNSO: Amuna anga ali ndi zaka 47 ndipo amayendetsa thiraki pakati pa Beira, Tete ndi Blantyre. Mwezi wathawu abwana awo anatumiza madalaivala onse kukayezetsa magazi ku Tete. Pepala limene anabwera nalo lalembedwa chonchi: Colesterol total 192, LDL 103, HDL 33, Triglicéridos 280. Adokotala anazunguliza manambala awiri omalizawo ndi cholembera chofiira, koma eni akewo akuti palibe vuto, poti anamva kuti malire ndi 200 ndipo iwo sanafikepo. Ndinaonetsa pepalalo kwa asisitere a kuparishi kwathu, omwe kwawo ndi ku Mexico. Iwo anati kwawoko, kumene anthu amadya chimanga ndi nyemba ngati ife, akuluakulu oposa theka ali ndi vuto lomweli. Kodi n'zoona? Ngati chimanga ndicho chikuchititsa, ndisiye kuwaphikira nsima, ndiziwapatsa mpunga ndi buledi? Ndine Nachisale, ku Ulongwe, Angónia.

YANKHO: Mayi Nachisale, poto wa nsima asachoke pamoto. Asisitere sananame, koma mlanduwu si wa chimanga, ndipo mpunga woyera ndi buledi ndi zimene zingaipitse pepala la bambowo msanga kuposa mgaiwa. Ndiyambe ndi za ku Mexico, poti ndi zimene zakusowetsani tulo.

Dziko limeneli lili ndi chizolowezi chimene ine ndimachisirira. Nthawi ndi nthawi, bungwe la boma lofufuza za umoyo wa anthu, Instituto Nacional de Salud Pública, lomwe lili mumzinda wa Cuernavaca, limatumiza anthu khomo ndi khomo m'dziko lonse kukayeza msinkhu, kulemera ndi kuthamanga kwa magazi, n'kutenganso magazi. Kafukufukuyu amamutcha ENSANUT. Pa wa 2006, gulu la Dr. Carlos Aguilar-Salinas linaunika magazi a anthu 4,040 a zaka 20 mpaka 69, otengedwa anthuwo asanadye kanthu. Anapeza kuti 60.5 peresenti anali ndi HDL, yomwe ndi kolesterolo wabwino, yosafika 40. Anthu 43.6 peresenti anali ndi kolesterolo yense wofika 200 kapena kuposa, ndipo 31.5 peresenti anali ndi triglicéridos wofika 150 kapena kuposa. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwa onse amene kolesterolo wawo anali wokwera, odziwa za vutoli sanakwane 9 pa 100 alionse. Enawo ankangodziyendera, kugwira ntchito, kuvina paukwati, osamva kupweteka paliponse. Paja chakudza sichiimba ng'oma.

Taonani bwino manambalawo. Vuto lofala kwambiri ku Mexico si la nambala imene bambo anu akuyang'anayo. Ndi HDL yotsika, kawirikawiri itagwirana manja ndi triglicéridos wokwera. Kafukufuku wina wa 1992 ndi 1993 anali ataonetsa kale zomwezi. Pepala la bambowo mukanati mulipereke kwa dokotala wa ku Puebla kapena Guadalajara, sakanafunsa n'komwe kuti lachokera dziko liti.

Tsono manambala anayiwa akunena chiyani? Kolesterolo si poizoni. Thupi limamufuna pomanga maselo, popanga ndulu ndi timadzi tina ta m'thupi, ndipo wambiri amapangidwa ndi chiwindi chathu chomwe, ngakhale munthu asalawe nyama chaka chonse. Koma mafuta sasungunuka m'magazi, choncho amayenda atanyamulidwa. Poti m'nyumba mwanu muli dalaivala, muwafotokozere chonchi: chiwindi ndi depoti, LDL ndi mathiraki ochoka kudepoti kukatula katundu m'thupi, HDL ndi mathiraki obwerera atatola zotsala. Opita akachuluka, katundu wina amalowerera m'khoma la mtsempha wa magazi n'kukhazikika momwemo. Zaka zikamapita pamakhala chotupa cholimba, njira ya magazi imachepa, ndipo tsiku lina chotupacho chikang'ambika magazi amaundana pomwepo. Zikachitikira mumtsempha wa mtima, munthu amagwira pachifuwa n'kugwa. Zikachitikira ku ubongo, ndi sitiroko ija timaiona, mkono ndi mwendo kufa, pakamwa kukhota.

Triglicéridos ndi mafuta enieni osungiramo mphamvu, omwe aja amaunjikana pamimba. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa amaganiza kuti mafuta a m'magazi amachokera ku mafuta a m'mbale basi. Ayi. Chiwindi chimatenga shuga, mowa ndi chakudya chilichonse chokhutitsa chimene thupi silinagwiritse ntchito, n'kuchisandutsa mafuta amenewa. Ndipo iwo akakwera, HDL imatsika.

Tengani pensulo muwerengere limodzi ndi bambo. Nambala ya pamwamba ija imapezeka pophatikiza LDL, HDL ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a triglicéridos: 103 kuphatikiza 33 kuphatikiza 56, zikukwana 192. Mwaona? Nambala imene akunyadirayo yakhala pansi pa 200 chifukwa HDL yawo ndi yochepa. Ikanakhala 50, pamwambapo pakanalembedwa 209, iwo akanachita mantha, chonsecho magazi awo akanakhala abwinopo kuposa mmene alili lero. Masamu amene ine ndimachita pepala lotere likafika patebulo panga ndi ochotsera: 192 kuchotsa 33, kutsala 159. Ameneyo ndiye kolesterolo yense amene angathe kulowa m'khoma la mtsempha, ndipo timafuna asafike 130. Cholembera chofiira chija sichinalakwitse.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu a ku Mexico ali chonchi? Mbali ina ndi yakumtundu. Ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za eni nthaka amene Asipanya anawapeza, ndipo mwa anthu amenewo muli kachibadwa kena kotchedwa R230C, pa malo otchedwa ABCA1, kamene kamatsitsa HDL. Ofufuza anakapeza m'mitundu yambiri ya eni nthaka a ku America, koma osati mwa anthu a ku Africa kapena ku Ulaya. Ife tilibe, choncho musatenge 60 peresenti ija n'kuiika pa Angónia.

Koma chibadwa chinalipo kuyambira kalekale, pamene matenda a mtima ndi shuga, omwe lero ali patsogolo pa zimene zikupha anthu ku Mexico, achuluka m'zaka makumi angapo zapitazi. Chimanganso sichachilendo kumeneko. Chinayamba kulimidwa kum'mwera kwa Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo kuno chinangofika ndi zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Chikanakhala chodzaza mafuta m'magazi, bwenzi anthu akumeneko atatha kale.

Umboni umene ndimaukonda kwambiri ndi wa anthu a mtundu wa Tarahumara, amene amadzitcha Rarámuri, okhala m'mapiri a chigawo cha Chihuahua, otchuka pothamanga mitunda italiitali. Chakudya chawo ndi chimanga, nyemba ndi maungu, nyama mwa apo ndi apo. Mu 1991 magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine inafalitsa zimene zinachitika anthu 13 a mtunduwu atadyetsedwa kwa masabata 5 chakudya cha anthu olemera, chamafuta, cha shuga, chochuluka. Asanayambe, kolesterolo wawo anali 121. Pomaliza anali 159. LDL inachoka pa 72 kufika pa 100, triglicéridos anachoka pa 91 kufika pa 108, ndipo onse ananenepa, pa avareji pafupifupi makilogalamu 4. Masabata 5 okha, mayi. Anthu omwewo, chibadwa chomwecho. Chimene chinasintha ndi mbale. Ndionjezere kuti HDL yawo inali yotsika ngakhale pamene ankadya zakwawo, 32 yokha, koma popeza LDL ndi triglicéridos zinali pansi, amenewo sanali anthu oti n'kuwadera nkhawa. HDL yotsika imaopsa ikakhala pamodzi ndi mimba, shuga ndi mafuta enawo okwera.

Zimene zinachitikira anthu 13 aja mwadala zachitikira dziko lonse pang'onopang'ono. Anthu anasamukira m'matauni, ntchito za khasu zinachepa, ndipo pangano la malonda la NAFTA, la pakati pa Mexico, America ndi Canada, litayamba mu 1994, zakudya za m'mapaketi zinafika ndi m'midzi yomwe. Mexico inakhala limodzi mwa mayiko omwa kwambiri zakumwa zotsekemera padziko lonse. Chimanga ndi nyemba sizinachoke patebulo, kungoti pambali pake panabwera botolo. ENSANUT wa 2018 anapeza kuti akuluakulu 75 pa 100 alionse anali onenepa kupitirira muyezo. Mu 2016 boma linali litalengeza kale kuti shuga ndi kunenepa zafika pa mliri.

Boma lawo silinangokhala. Kuyambira Januwale 2014 linaika msonkho wa peso imodzi pa lita iliyonse ya chakumwa chothira shuga, ndipo m'chaka choyamba kugula kwa zakumwazi kunatsika ndi pafupifupi 6 peresenti, kwambiri m'mabanja osauka. Mu 2020 chigawo cha Oaxaca chinaletsa kugulitsa zakumwa zotere ndi zakudya zosapatsa thanzi kwa ana. Chaka chomwecho, kuyambira Okutobala, paketi iliyonse yochuluka shuga, mchere kapena mafuta inayamba kudindidwa chizindikiro chakuda cha mbali 8 kutsogolo kwake. Msonkho wa 2014 uja kwa ine unali wochepa, koma chidindo chakudachi ndimachifuna kuno. Agogo amene sanapite kusukulu angathe kuwerenga kuti paketi iyi ili ndi zidindo zitatu, iyo ilibe. Timalemba tating'onoting'ono ta kuseri kwa mapaketi athu, ngakhale ine ndimayamba ndavala magalasi.

Tibwere kwathu. Mu 2018, gulu la Dr. Jean Jacques Noubiap wa ku Cameroon linasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko a mu Africa n'kupeza kuti mwa akuluakulu, 25.5 peresenti anali ndi kolesterolo wokwera, 37.4 peresenti HDL yotsika, 17 peresenti triglicéridos wokwera. Sitinafike pa Mexico, koma munthu mmodzi mwa anayi si nkhani yoseka. Ndipo ife tili ndi katundu wina wolemera. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa dziko lathu la Mozambique anapeza kuti mu 2005, anthu 33 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pofika 2014 ndi 2015 anali 39. Shuga anachoka pa 2.9 peresenti kufika pa 7.4 peresenti m'zaka 10 zomwezo. Mtsempha umene ukukankhidwa ndi magazi othamanga, uku ukudyedwa ndi shuga, suchedwa kulandira mafuta m'khoma mwake.

Pali china chimene ndimachiganizira ndikaona amuna a msinkhu wa bambo anu. Ambiri a ife a ku Angónia, Tsangano ndi Moatize tinakulira kuthawa nkhondo, ena m'misasa ya ku Malawi. Mu 1990, mtedza utasowa pa chakudya chogawidwa, anthu pafupifupi 18,000 m'misasamo anadwala matenda aja a khungu lothetheka pakhosi ndi m'manja, obwera chifukwa chodalira chimanga chokha. (Anthu a ku Mexico matendawa amawapewa pophika chimanga chawo ndi laimu asanachipere, nzeru imene sinakwere nawo zombo zija.) Thupi limene linakula ndi njala, likadzapeza zakudya zochuluka ukulu, limafulumira kuunjika mafuta pamimba ndi kugwidwa shuga. Ndiye mwana uja ankalimbirana phala pamzere, lero ali ndi malipiro, mimba yatuluka, abale akuti "akupeza bwino". Sindimuweruza ngakhale pang'ono. Koma magazi ake ndimawayeza.

Tsopano za bambo. Musandiuze zimene amadya kunyumba, ndiuzeni zimene amadya pamsewu. Ndimawaona madalaivala pamzere wa pachipata cha Zóbuè kapena podikira katundu ku Moatize mu Okutobala, kutentha kutapitirira madigiri 40: botolo la malita 2 la chakumwa chotsekemera lili pambali pa giya, pofika madzulo lauma. M'kachitini kamodzi ka 330 ml mumakhala shuga pafupifupi magalamu 35, ndiye kuti masupuni a tiyi 8 kapena 9. M'botolo lalikulu lija muli oposa magalamu 200. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 50 pa tsiku, ndipo 25 ndiye bwino koposa. Onjezanipo tiyi wa masupuni anayi, mandasi, tchipisi, mowa wa Loweruka, ndi maola 10 atakhala pampando. Triglicéridos 280 wachokera pamenepo.

Choyamba kuchoka ndi botolo. Alowetse madzi, ndipo ngati akufuna kukoma, madzi a malambe kapena thobwa, koma osathira shuga wodzaza dzanja, apo ayi tangosintha botolo. Mowa auchepetse kwambiri, ndipo kwa miyezi itatu yoyambayi ausiye kaye. Nsima ikhale ya mgaiwa, mitanda iwiri m'malo mwa inayi, ndiwo zichuluke kuposa nsima. Ufa woyera uja timaukonola, kuuviika ndi kuuyanika mpaka gaga yense ndi mtima wa chimanga zitachoka umasanduka shuga msanga m'magazi, mofanana ndi mpunga woyera ndi buledi. Nyemba, khobwe, nandolo, soya, nkhwani wotendera, therere, mpiru: zonsezi Angónia amalima zodzaza misika ya Tete. Kapenta wa ku Cahora Bassa ndi pende adye kawiri kapena katatu pa sabata. Chicoa, nsomba youma yothira mchere ija, muziyamba mwaiviika ndi kutaya madzi ake, chifukwa mchere umene ili nawo ndi mdani wa munthu wothamanga magazi. Mbuzi ya ku Tete sindingainyoze, ndipo mnofu wake ulibe mafuta ambiri. Chimene chimaipitsa ndi mafuta oyera aja timapempha wootcha kuti atiwonjezere, ndi kuikazinga m'chiwaya chosambira mafuta. Akaima podikira mapepala, atsike ayende mofulumira mphindi 30, m'mawa dzuwa lisanakwiye. Ngati amasuta, kusiya fodya kumakwezanso HDL.

Sabata ino apite kuchipatala akayezetse shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Triglicéridos wokwera ndi HDL yotsika nthawi zambiri amakhala akalambulabwalo a shuga. Inu tengani tepi ya telala muwayeze mimba podutsa pamchombo, asakokere mpweya mkati. Kwa mwamuna, kupitirira masentimita 94 ndi chenjezo, kwa mkazi 80. Pakatha miyezi itatu abwereze kuyezetsa magazi m'mawa, atakhala maola 9 mpaka 12 osadya, osamwa mowa dzulo lake. Muwafunsenso ngati tsiku loyamba lija anali atadya, poti triglicéridos amakwera munthu akangodya kumene. Akadzayezetsa ali pa ulendo ku Zimbabwe kapena ku South Africa asadabwe kuona manambala aang'ono: kumeneko 200 amalembedwa 5.2, HDL ya 40 ndi 1.0, triglicéridos wa 150 ndi 1.7.

Za mankhwala adzagamula ndi dokotala amene akuwaona, atadziwa za shuga, fodya, kuthamanga kwa magazi ndi mbiri ya kubanja. Akapezeka ndi shuga pa msinkhu umenewu, asadabwe kupatsidwa mankhwala otsitsa kolesterolo ngakhale LDL ili 103. Triglicéridos akadzapitirira 500 ndi nkhani ina yofunika changu, chifukwa angatupitse kapamba, koma iwo sanafike kumeneko. Asisitere muwapatse moni.

FUNSO: Ndimakazinga mandasi ndi tchipisi pafupi ndi msika. Mafuta amene ndimagula alembedwa kuti "sem colesterol". Kodi ndiye kuti makasitomala anga ndi ana anga ali otetezeka? Komanso apongozi anga andiletsa kupatsa ana mazira, ati amatseka mitsempha. Ndine Nambewe, ku Moatize.

YANKHO: Mayi Nambewe, cholembedwacho n'choona, koma sichikukuuzani kanthu. Palibe mafuta ochokera ku chomera amene ali ndi kolesterolo woti n'kuwerengera, kaya a mpendadzuwa, a soya, a mtedza, a kanjedza kapena a kokonati. Kolesterolo wa m'chakudya amachokera ku nyama, mazira ndi mkaka. Funso loyenera ndi lakuti mafutawo akalowa m'thupi, LDL ikwera kapena itsika? Amene amaikweza ndi mafuta olimba: a nyama, batala, a kokonati, ndi a kanjedza, omwe pafupifupi theka lake ndi olimba. Mafuta ambiri otchipa m'misika yathu ndi a kanjedza. Tembenuzani botolo muone ngati palembedwa palma. Anzathu a ku Tsangano ndi Domue safunika kuwerenga: m'mawa wa mu Juni botolo la mafuta a kanjedza limachita mbuu, pansi pake patagwirana, pamene la mpendadzuwa limakhala loyera mbee. Kwanu ku Moatize kutentha sikulola zimenezi kuoneka.

Ndikudziwa kuti pa bizinesi simungakwanitse mafuta odula, ndipo sindikuuzani kuti mutseke chiwaya chimene chikulipirira ana sukulu. Koma mafuta akada, akayamba thovu ndi kununkha, atayeni, osamangothira atsopano pamwamba pa akale sabata yonse. Musalole afike pofuka utsi. Kunyumba, ngati thumba likulola, phikirani a mpendadzuwa kapena a soya, oyeza ndi supuni, ndipo masiku ena tenderani ndi nsinjiro. Pa majarini ndi mabisiketi chenjerani ndi mafuta olimbitsidwa kufakitale, olembedwa kuti hidrogenado. Amenewo amakweza LDL n'kutsitsanso HDL nthawi imodzi. Mexico inakhazikitsa lamulo lowachepetsa kwambiri m'zakudya mu 2023.

Za mazira, apongozi muwalemekeze koma ana apatseni. M'dziko limene mwana mmodzi mwa atatu aliwonse ndi wopinimbira, dzira ndi mankhwala. Ngakhale munthu wamkulu wopanda shuga kapena matenda a mtima, dzira limodzi pa tsiku silimuvulaza. Ndikanakhala ine, ndikanayang'ana kwambiri mandasi amene anawo amatola m'beseni mwanu pochoka kusukulu.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa zaka 55, woonda chibadwire, sindimwa mowa, ndimapalasa njinga tsiku lililonse. Ndakhala ndikumwa ma ARV kwa zaka zambiri. LDL yanga yapezeka 176 ndipo andilembera sinvastatina. Anzanga akuti mankhwalawa amawononga chiwindi, ndingomwa adyo, mandimu ndi chammwamba. Bambo anga anagwa kumunda n'kumwalira ali ndi zaka 50. Ndimvere ndani? Ndine Mbewe, ku Furancungo, Macanga.

YANKHO: Aphunzitsi, m'kalata yanu chiganizo chimene chandiimitsa ndi cha bambo anu. Bambo kapena mchimwene akamwalira mwadzidzidzi ndi mtima asanakwane zaka 55, ana ake timawayang'ana ndi diso lina. Vuto lanu ndi losiyana ndi la amuna a mayi Nachisale. Lawo ndi la botolo ndi mpando. Lanu likuoneka ngati lakumtundu, lakuti chiwindi chimachedwa kuchotsa LDL m'magazi, ndipo zimenezi sizisankha wonenepa kapena woonda. Pali mtundu wina woopsa wa vutoli umene umagwira munthu mmodzi mwa 250 kapena 300, ndipo kholo likakhala nawo, mwana aliyense ali ndi mwayi theka woutengera. Timauganizira kwambiri LDL ikafika 190. Inu simunafikepo, koma ndi mbiri imeneyi, abale anu a bere limodzi ndi ana anu akuluakulu akayezetse. Dokotala aonenso impso ndi chithokomiro, poti nazonso zikafooka zimakweza LDL.

Mankhwalawo imwani. Gulu lake limatchedwa ma statin, ndipo woyamba anaupeza mu nkhungu ndi Akira Endo wa ku Japan m'zaka za m'ma 1970. Amachepetsa kolesterolo amene chiwindi chimapanga, ndiye chiwindicho chimayamba kukoka LDL ya m'magazi. Kafukufuku wa anthu oposa 100,000 ataikidwa pamodzi anaonetsa kuti LDL ikatsika ndi 39, ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko imatsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Kwa anthu amene ali ndi HIV, kafukufuku wotchedwa REPRIEVE, wa anthu 7,769 a zaka 40 mpaka 75, anaonetsa mu 2023 kuti statin anachepetsa matenda aakulu a mtima ndi mitsempha ndi 35 peresenti. Kachilomboka, ngakhale katagonja ndi mankhwala, kamasiya mitsempha ili yosachedwa kuwonongeka. Kuwonongeka kwa chiwindi kumene anzanu akunena n'kosowa kwambiri. Chimene ena amadandaula nacho ndi kuphwanya kwa minofu. Kukakula, kapena mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, siyani kumwa mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa samwa mankhwalawa.

Adyo thirani mu ndiwo, chammwamba ndi ndiwo yabwino, mandimu amakoma pa nsomba. Koma palibe mwa zitatuzi chimene chingachotse LDL pa 176 kuifikitsa pansi pa 100.

Chinthu chimodzi chokha mutsimikize musanameze piritsi loyamba. Sinvastatina sayenera kumwedwa pamodzi ndi ma ARV amene muli ritonavir, monga lopinavir kapena atazanavir, chifukwa amaunjikana m'magazi n'kuwononga minofu. Ngati muli pa piritsi limodzi lija la TLD, la tenofovir, lamivudina ndi dolutegravir, limene ambiri anasinthidwira kuyambira 2019, palibe kulimbana. Ngati muli pa mzere wachiwiri, wa ma ARV okhala ndi ritonavir aja, dokotala akusinthireni statin wina, monga atorvastatina pa mlingo wochepa. Ma ARV musasiye ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha nkhaniyi. Tengani botolo lanu la ma ARV ndi khadi mukaonetse amene anakulemberani, sinvastatina muzimwa madzulo, ndipo mukayezetsenso magazi pakatha masabata 6 mpaka 12.